Kuphunzitsa Mbiri ya Munthu: Benny Andersson, Woliza Limba ndi Wosanja Nyimbo

1. MAU OYAMBA

Mwa nchito zonse zolemba zimene ana a m'magiredi apamwamba a pulaimale amapatsidwa, mbiri ya munthu ndiyo imene aphunzitsi ambiri amaiyesa yapafupi. Mphunzitsi alemba pa bolodi tsiku limene munthuyo anabadwa, sukulu imene anaphunzirako, nchito imene anagwira ndi caka cimene anamwalira. Ana akopera, aloweza, ndipo pa mayeso abweza zomwezo. Koma mwana wophunzitsidwa motere mukamuuza kuti alembe mbiri ya agogo ake, amangoluma pensulo, pakuti sanaphunzire kulemba mbiri. Cimene anaphunzira ndi kukopera mndandanda wa zaka.

Mbiri yeniyeni iyankha funso ili: munthu uyu anagwira nchito yanji, ndipo anaigwira motani? Zaka ziri ngati nsici za nyumba. Popanda nsici nyumba siima, komanso palibe munthu agona m'nsici zokhazokha. Pafunika phaso, udzu ndi dothi lomatira.

M'mutu uno tigwiritsa nchito mbiri ya Benny Andersson, woliza limba wa gulu loimba la ABBA la ku Sweden. Tamusankha kaamba ka zifukwa ziwiri. Coyamba, nchito yake yaikulu inali yobisika: anthu amaona ndi kukumbukira oimba oima patsogolo, koma za munthu wokhala pa limba sadziwa zambiri. Mbiri yotere imukakamiza wolemba kufufuza nchito m'malo mongochula kuchuka. Caciwiri, nchito ya wosanja nyimbo ifanana kwambiri ndi nchito imene tifuna kuti mwana aziicita polemba cimangirizo, ndiyo kusankha, kuika zinthu m'malo mwake ndi kukonzanso cimene sicinakhale bwino.

2. ZOLINGA

Pakutha pa mutu uno, wophunzira uphunzitsi athe:

(a) kusiyanitsa mbiri ya munthu ndi mndandanda wa zaka;
(b) kufotokoza m'Cinyanja comveka nchito ya wopeka, ya wolemba mau ndi ya wosanja nyimbo;
(c) kufupikitsa mbiri yaitali kuti ikhale nkhani yowerenga ya ana a Giredi 6;
(d) kukonza phunziro limene ana adzasankha ndi kusanja mfundo asanayambe kulemba.

3. KODI WOSANJA NYIMBO NDANI?

Musanaphunzitse mbiri ya munthu aliyense, yambani mwamvetsa nchito yake inu eni. Mphunzitsi wosadziwa nchitoyo amathawira ku zaka.

Nyimbo imene timva pa wailesi imapyola m'manja mwa anthu angapo. Wopeka ndiye amapeza maimbidwe, kutanthauza kukwera ndi kutsika kwa liu kumene munthu angang'ung'udze popanda mau. Wolemba mau amaika mau m'maimbidwewo. Wosanja ndiye amagamula kuti nyimboyo imveke motani: iyambe ndi cipangizo citi, ndani alowe poyamba, ndani atsatire, ng'oma ilire pati, ndipo ndi pati pamene onse akhale cete. Nthawi zina nchito zitatuzi zimagwiridwa ndi munthu mmodzi, nthawi zina ndi anthu osiyana.

Ana adzamva msanga mukawakumbutsa za kwaya. Makwaya awiri angathe kuimba nyimbo imodzimodzi, mau omwewo ndi maimbidwe omwewo. Kwaya yoyamba onse ayambira pamodzi ndi kuthera pamodzi. Kwaya yaciwiri ayamba ndi mtsikana mmodzi, pa mzere waciwiri alowa anzake, anyamata a mau aakulu adikira kufikira pa kolasi, ndipo ng'oma ilowa pamene anthu ayamba kuilakalaka. Nyimbo ndi imodzi, koma imene anthu adzakumbukira pobwerera kwao ndi yaciwiri. Kusiyana kumeneku ndiyo nchito ya wosanja.

M'mutu uno liu lakuti limba tiligwiritsa nchito pa zipangizo zonse zolizidwa pokanikiza timabatani toyera ndi takuda, monga piyano, limba la m'chalichi ndi malimba amagetsi a m'magulu oimba. Ndiponso tisiyanitsa kuimba, kumene kucitika ndi pakamwa, ndi kuliza, kumene kucitika ndi cipangizo.

4. MBIRI YA BENNY ANDERSSON: ZOFUNIKA KUTI MPHUNZITSI ADZIWE

Nkhani iri m'munsiyi ndi ya inu aphunzitsi. Siyoti muwerengere ana yonse. Mphunzitsi ayenera kudziwa zoposa zimene adzaphunzitsa, kuti akhale ndi posankha.

(a) Ubwana

Benny Andersson anabadwa pa 16 Disembala 1946 mu mzinda wa Stockholm, likulu la dziko la Sweden, kumpoto kwa Ulaya. Atate ake ndi agogo ake aamuna onse anali oliza akodiyoni, limba lija lopindapinda limene woliza amakoloweka pacifuwa nalikoka ndi kulipanikiza. Ali ndi zaka 6 anapatsidwa akodiyoni yakeyake, nayamba kuliza pamodzi ndi akuluwo nyimbo za makolo a ku Sweden. Atakwanitsa zaka 10 analandira piyano, ndipo anadziphunzitsa yekha kuiliza, akumvetsera nyimbo ndi kuzifunafuna ndi zala mpaka atazipeza. Sukulu analeka ali ndi zaka 15. Zilembo zapadera zolembera nyimbo pa pepala sanaziphunzire. Sukulu yake ya nyimbo inali khutu.

(b) Gulu loyamba ndi bwenzi la nchito

Mu Okutobala 1964, asanakwanitse zaka 18, analowa gulu la acinyamata lochedwa Hep Stars monga woliza limba. Poyamba gululi linali kuimba nyimbo za eni ake za ku America, koma Benny anayamba kupeka zake. Nyimbo yake yochedwa Sunny Girl inachuka m'dziko lonse la Sweden mu 1966. Mu Juni caka comweco, ali pa ulendo wokaimba, anakumana ndi Björn Ulvaeus, woimba ndi woliza gitala wa gulu lina lochedwa Hootenanny Singers. Awiriwa anayamba kupekera pamodzi, ndipo ubwenzi wa nchito umenewu unapitirira zaka zoposa 50.

Benny anacoka m'gulu la Hep Stars mu 1969, ndipo mu 1970 iye ndi Björn anatulutsa cimbale cao coyamba. Pa nthawiyi Björn anali pa ubwenzi ndi Agnetha Fältskog, ndipo Benny ndi Anni-Frid Lyngstad. Akazi awiriwa anali kale oimba odziimira paokha. Mu 1972 anaiwa anajambula nyimbo yoyamba monga gulu. Dzina lakuti ABBA linapangidwa potenga cilembo coyamba ca dzina la aliyense: Agnetha, Björn, Benny ndi Anni-Frid.

(c) Kugwa ndi kupambana

Maiko a ku Ulaya amacita mpikisano wa nyimbo caka ndi caka wochedwa Eurovision, ndipo dziko liri lonse limayamba lasankha nyimbo yoliimira. Mu 1973 anaiwa anapikisana nao kwao ku Sweden ndi nyimbo yochedwa Ring Ring, koma anakhala acitatu, motero sanapite. Caka cotsatira anayesanso ndi nyimbo yochedwa Waterloo. Anasankhidwa, ndipo pa 6 Epulo 1974 anapambana mpikisano waukuluwo mu mzinda wa Brighton ku England. Kuyambira pamenepo nyimbo zao zinamveka m'maiko ambiri. Pakati pa 1973 ndi 1981 anatulutsa zimbale 8 za nyimbo zatsopano.

(d) Kagwiridwe kake ka nchito

Apa ndipo pagona mtima wa mbiriyi, ndipo mphunzitsi acedwepo.

Benny ndi Björn kawirikawiri anali kupekera m'kanyumba kakang'ono pa cisumbu ca Viggsö, kufupi ndi Stockholm. M'kanyumbako munali piyano ndi gitala. Anali kuyamba ndi maimbidwe, akuimba mau opanda tanthauzo ongogwirizira, kwa maola ambiri, masiku ambiri, ndipo zoculuka mwa zimene anapeza anazitaya. Maimbidwe akaima bwino, anali kupita nao ku situdiyo, nyumba yojambuliramo nyimbo, kumene anali kuyesa kalizidwe kosiyanasiyana pamodzi ndi oliza ng'oma ndi magitala. Atajambula zipangizo, m'pamene mau enieni anali kulembedwa. M'zaka zoyamba mtsogoleri wao wa zamalonda, Stig Anderson, anali kuthandiza pa mau. Pambuyo pake nchitoyi inatsalira Björn. Pomaliza akazi awiri aja anali kujambula mau ao, osati kamodzi, koma mobwerezabwereza, mzere pamwamba pa mzere, kufikira anthu awiri atamveka ngati kwaya. Pa zimbale panalembedwa kuti osanja anali Benny ndi Björn onse awiri, koma limba la Benny ndilo linali msana wa kamvekedwe ka gululi.

Anali ndi katswiri wa makina ojambulira dzina lake Michael Tretow. Iye ndiye anayesa njira yojambula zipangizo kawiri, kaciwiriko atasintha liwiro la tepi pang'ono cabe, kotero kuti oliza owerengeka anamveka ngati khamu. Njirayi anaiyamba pa Ring Ring.

Zitsanzo zinai izi zionetsa cimene wosanja amagamula:

(i) Nyimbo ya Mamma Mia ya mu 1975 iyamba ndi kugogoda kwa marimba, cipangizo ca timatabwa cimene ndi mbale wake wa silimba ya Alozi. Munthu amaizindikira nyimboyo woimba asanatsegule pakamwa.

(ii) Dancing Queen anayamba kuijambula mu Ogasiti 1975 koma anaitulutsa mu Ogasiti 1976. Iyamba ndi cala cotsetsereka pa piyano, ndipo oimba alowera pakati pa kolasi m'malo moyambira pa ndime yoyamba monga mwa cizolowezi. Mbali ina ya ndime imene anali atajambula kale anaidula. Mu Epulo 1977 nyimboyi inafika pa malo oyamba ku United States, ndipo ndi yokhayi mwa nyimbo zao imene inatero kumeneko.

(iii) The Winner Takes It All ya mu 1980 anaijambula koyamba koma inamveka youma, yosayenda. Anaisiya masiku ocepa. Pobwerera Benny anaikamo mzere wa piyano wotsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika makwerero, ndipo nyimbo inamasuka.

(iv) Just Like That anaijambula mu 1982, naiyesa m'njira zingapo, koma sanakhutire nayo. Sanaiike pa cimbale ca nthawi imeneyo ngakhale anali atataya nchito yambiri pa iyo.

Popeza Benny sanali kulemba nyimbo pa pepala, pamene panafunika oliza ambiri owerenga zilembo za nyimbo anali kudalira anzake odziwa kulemba. Rutger Gunnarsson, woliza gitala ya mau aakulu, analemba mbali za zipangizo za nsambo m'nyimbo zambiri za ABBA. Anders Eljas anagwira nchito yolembera magulu aakulu a oliza m'masewero a nyimbo amene anadza pambuyo. Mutu umodzi susenza denga.

(e) Kutha kwa gulu ndi kubwerera ku ciyambi

Mabanja awiri a m'gululi anatha: Björn ndi Agnetha analengeza za kulekana kwao mu 1979, Benny ndi Anni-Frid mu 1981. Anapitiriza kugwirira nchito pamodzi kufikira 1982, pamene gulu linaleka kujambula.

Benny ndi Björn anatembenukira ku masewero a nyimbo, momwe nkhani yonse imasimbidwa mwa kuimba. Pamodzi ndi Tim Rice wa ku England analemba sewero lochedwa Chess. Cimbale cake cinatuluka mu 1984, ndipo mu 1986 linayamba kuonetsedwa ku London, kumene linakhala zaka zitatu. Koma ku New York mu 1988 linatsekedwa patangopita miyezi iwiri. Mu 1995 anatulutsa sewero lina m'cinenero ca kwao, Kristina från Duvemåla, lonena za alimi osauka a ku Sweden amene anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800. Nkhani yake anaitenga m'mabuku a mlembi wa kwao, Vilhelm Moberg.

Pa nthawi yomweyi Benny ananyamulanso akodiyoni ya ubwana wake. Mu 1987 anatulutsa cimbale ca nyimbo zopekedwa m'kalizidwe ka makolo, akuliza pamodzi ndi gulu la oliza nyimbo za makolo lochedwa Orsa Spelmän. Mu 2001 anayambitsa gulu lake la oliza ndi oimba, Benny Anderssons Orkester, loliza nyimbo zobvinira za mtundu umene anaumva kwa atate ake ndi agogo ake. Munthu amene dziko lonse linamudziwa ndi nyimbo za m'Cingerezi anabwerera ku cinenero ndi maimbidwe a kwao.

Nyimbo za ABBA sizinafe. Sewero la Mamma Mia!, lomangidwa pa nyimbo zao zakale, linayamba ku London mu 1999, ndipo kanema wake anatuluka mu 2008. Mu 2017 Benny anajambula cimbale ca piyano yokha, popanda woimba. Mu Novembala 2021, patapita zaka 40 citulukire cimbale cao ca mu 1981, anai aja anatulutsa cimbale catsopano cochedwa Voyage. Mu Meyi 2024 mfumu ya ku Sweden inawapatsa onse anai ulemu wapadera kaamba ka nchito yao.

5. ZIMENE MPHUNZITSI WA CINYANJA ATOLEPO

Kusankha. Wosanja saika zipangizo zonse pa malo onse, ndipo amataya ngakhale cimene anacibvutikira. Mwananso aphunzire kuti mfundo ingathe kukhala yoona koma yosafunika m'nkhani imene akulemba. Ana amaumirira ciganizo ciriconse cimene alemba, cifukwa anazolowera kuti kudzaza tsamba ndiko kukhoza. Cizolowezi cimeneci timawapatsa ndife aphunzitsi.

Kusanja. Mbiri kawirikawiri itsata nthawi, koma siyenera kuyamba ndi mau akuti “anabadwa” masiku onse. Monga nyimbo ija yoyambira pa kolasi, mbiri ingayambe ndi tsiku lalikulu la moyo wa munthu, kenaka ibwerere ku ubwana. Ana ayambe adziwa njira yotsata nthawi. Ofulumira muwalole kuyesa inayo.

Kukonzanso. Kulemba koyamba si kotsiriza. Ngati akatswiri anabwereza nyimbo imene inamveka youma, mwana asacite manyazi kulembanso ndime yake, ndipo mphunzitsi asapereke malikisi pa kulemba koyamba ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khutu ndi cilembo. M'kalasi liri lonse muli mwana amene amagwira nyimbo kapena nthano atangoimva kamodzi, koma pa kuwerenga amatsalira. Mwana wotere si mbuli. Khutu lake ndi cuma, ndipo phunziro la Cinyanja liyambire pamenepo: anene coyamba, alembe pambuyo. Komabe mbiri yomweyi ionetsa kuti khutu lokha liri ndi malire, pakuti Benny anafunikira anzake odziwa kulemba kuti nyimbo za m'mutu mwake zifike kwa oliza ambiri.

6. CITSANZO CA PHUNZIRO

Kalasi: Giredi 6
Nthawi: mphindi 40
Mutu: Kuwerenga ndi kusanja mbiri ya munthu
Zipangizo: nkhani yolembedwa pa pepala lalikulu, mapu a dziko lonse, timapepala ta ziganizo, mpukutu umodzi pa gulu liri lonse, wailesi kapena foni ngati iripo.

Nkhani ya ana

Benny Andersson anabadwira ku Sweden mu 1946. Atate ake ndi agogo ake anali oliza akodiyoni, ndipo iye anayamba kuliza nao ali ndi zaka 6. Pambuyo pake anadziphunzitsa kuliza piyano pomvetsera ndi khutu. Atakula anakumana ndi mnzake dzina lake Björn, ndipo anayamba kupekera nyimbo pamodzi. Iwo ndi akazi awiri oimba anapanga gulu lochedwa ABBA. Mu 1973 analephera pa mpikisano wa nyimbo, koma sanataye mtima. Caka cotsatira anayesanso, napambana. Nchito ya Benny inali kupeka maimbidwe ndi kusanja nyimbo. Iye ndi mnzake anali kugamula kuti cipangizo citi ciyambe, oimba alowe pati, ndiponso mbali iti icotsedwe. Nyimbo ikapanda kumveka bwino, anali kuisiya masiku angapo ndi kuiyambanso. Zina anazitaya ndithu. Gulu litaleka kuimba mu 1982, Benny ananyamulanso akodiyoni nayamba kupeka nyimbo zonga zimene anaphunzira kwa agogo ake.

Ciyambi (mphindi 5). Ana aimbe nyimbo imene onse aidziwa, onse pamodzi. Kenaka mphunzitsi aisanje mwina: mmodzi ayambe, atsikana atsatire, anyamata alowe pa kolasi, kuomba m'manja kudze pomaliza. Afunse kuti, “Casintha n'ciani, popeza mau ndi omwewo?” Kucokera m'mayankho a ana atulutse liu lakuti kusanja.

Sitepe 1 (mphindi 5). Mphunzitsi aonetse Zambia ndi Sweden pa mapu. Alembe pa bolodi mau awa ndi kukambirana matanthauzo ake: kupeka, kusanja, kuliza, maimbidwe, akodiyoni, mpikisano.

Sitepe 2 (mphindi 10). Ana awerenge nkhani camumtima, kenaka ayankhe pakamwa:
1. Benny anaphunzira motani kuliza piyano?
2. Cinacitika n'ciani mu 1973, ndipo gulu linacitapo ciani?
3. Chulani zinthu ziwiri zimene wosanja nyimbo amagamula.
4. Muganiza n'cifukwa ninji munthu angataye nyimbo imene waibvutikira?
5. Ndani kwanu kuno amagwira nchito yofunika koma anthu samuona?

Mafunso atatu oyamba mayankho ake ali m'nkhani. Awiri otsiriza afuna kuganiza, ndipo mphunzitsi asawalumphe pofuna kusunga nthawi.

Sitepe 3 (mphindi 12). Mphunzitsi abise nkhani ija. Gulu liri lonse lilandire timapepala 10 tosakanizika. Pa 8 palembedwe mfundo za m'nkhani; pa tiwiri palembedwe zoona koma zosakhudza nchito ya Benny, monga “Ku Sweden kumazizira kwambiri” ndi “Mzinda wa Stockholm unamangidwa pa zisumbu.” Ana asanje timapepalato ndi kucotsa tosafunika. Musawauze kuti tosafunika ndi tingati. Gulu liri lonse linene cifukwa cimene lacotsera kapepala kena. Kukangana kumene kudzabuka apa ndilo phunziro lenileni; musakuthetse msanga.

Sitepe 4 (mphindi 5). Ana alumikize mfundo zao pakamwa pogwiritsa nchito mau osonyeza nthawi: poyamba, pambuyo pake, atakula, caka cotsatira, patapita zaka, pomaliza. Mphunzitsi aonetse kuti aneni a m'mbiri ali m'nthawi yakale, monga anabadwa, anayamba, anayesanso.

Mathero (mphindi 3). Nchito ya kunyumba: mwana aliyense apemphe munthu wamkulu wa kwao, monga woliza limba kapena ng'oma ku chalichi, mmisiri wa matabwa kapena woumba mbiya, kuti amufunse mafunso asanu. Atatu mwa mafunsowo akhale okhudza kagwiridwe ka nchito. Mayankhowo ndiwo adzakhala mfundo za cimangirizo m'phunziro lotsatira.

7. ZOFUNIKA KUSAMALA

(a) Maina acilendo alembedwe monga eni ake amalembera. Acepetseni m'nkhani ya ana. Atatu kapena anai akwanira. Musataye nthawi pa kachulidwe kake.

(b) M'nkhani yathu tanena kuti “Benny” ndi “iye” kuti tisasokoneze munthu mmodzi ndi gulu la anthu anai. Koma ana polemba za akulu a kwao agwiritse nchito mau aulemu, monga “a Phiri anabadwira”, “iwo”, “nchito yao”, ndipo asasinthe pakati pa nkhani.

(c) Mfundo yakuti analeka sukulu ali ndi zaka 15 taisiya dala m'nkhani ya ana. Ikabuka, musaibise, koma musalole kuti ana atengepo phunziro lakuti sukulu iribe nchito. Akumbutseni za anzake odziwa kulemba amene iye anawadalira.

(d) Za kutha kwa mabanja ndi zoona, koma sizithandiza colinga ca phunziroli. Uku ndiko kusankha kumene tikuphunzitsa. Kusiya mfundo si kunama. Kunama ndi kuonjezera cimene sicinacitike.

(e) Ngati muli ndi coimbira, ana amve ciyambi cokha ca nyimbo, theka la mphindi, ndipo anene cipangizo cimene cayamba ndi pamene oimba alowera. Musasandutse phunziro la Cinyanja kukhala lomasulira mau a Cingerezi. Ngati coimbira palibe, kuimba kwa ana pa ciyambi kukwanira.

(f) Mwana asakakamize munthu wamkulu kuyankha, ndipo asalembe za m'nyumba mwa eni. Afunse za nchito.

8. NCHITO YA OPHUNZIRA UPHUNZITSI

1. Yerekezani gawo 4 ndi nkhani ya ana ya m'gawo 6. Lembani mfundo zisanu zimene zasiyidwa, ndipo pa iriyonse nenani ngati mubvomereza kuti isiyidwe, ndi cifukwa cake.

2. Lembaninso nkhani ya ana moyambira pa tsiku la 6 Epulo 1974, kenaka mubwerere ku ubwana. Ndi mau ati osonyeza nthawi amene mwafunikira kuti wowerenga asasocere?

3. Gulu la WITCH la kuno ku Zambia linali ndi woliza limba, Patrick Mwondela, amene amveka pa zimbale za Movin' On ya mu 1980 ndi Kuomboka ya mu 1984. Fufuzani za nchito yake, kapena ya woimba wina wa kuno kwathu, ndipo lembani nkhani ya ana yosapyola mau 150. Mfundo imene simunaitsimikizire musailembe.

4. Konzani phunziro laciwiri, momwe ana adzasandutsa mayankho a mafunso ao asanu kukhala cimangirizo ca ndime zitatu. Onetsani pamene ana adzawerengerana zolemba zao zoyamba, ndi pamene adzazilembanso musanazicongere.